Usiku wa Mafosholo Awiri

Madzulo ake analibe chachilendo ayi. Dzuwa linalowa kuseri kwa chumuni cha chipatala monga mwa masiku onse, ndipo Anaboila anafika pantchito atanyamula kachikwama ka tiyi ndi buledi. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Munthu ukasonkha moto pansi pa chipatala zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ngakhale madokotala amangoti Anaboila, iwe n'kumavomera.

Chipinda chawo chinali pansi penipeni, kutsika masitepe khumi ndi awiri kuchokera kochapira zovala. M'menemo munali maboila awiri. Yaikuluyo, yakuda bii, ankaitcha Ankolo, chifukwa inkadya kwambiri ndi kung'ung'udza usiku wonse. Ankolo ankadya malasha, n'kuwiritsa madzi mpaka asanduke nthunzi, nthunziyo n'kukwera m'mapaipi kupita kochapira, kukhitchini ndi kuchipinda cha opaleshoni. Yaing'onoyo inali ya madzi otentha chabe, osafika powira. Madzi ake ankazungulira kukafunditsa chipinda cha makanda, n'kubwereranso. Amenewo anali Azakhali, ofatsa, osavuta munthu.

Koma Ankolo, eee, sanali oti n'kuwatembenukira msana. Pachipumi pawo panali geji yooneka ngati wotchi, kamuvi kake kakuloza mphamvu ya nthunzi. Pamwamba panali valavu yachitetezo, yomwe inkakuwa nthunzi ikachuluka. Pambali panali galasi loonera madzi, kachubu kautali wa chikhato, kosonyeza pamene madzi alekeza m'mimba mwa Ankolo. Ndipo lamulo loyamba la ntchitoyi linali pagalasi pomwepo. Ukangofika, tsegula kampopi ka pansi pake, madzi atuluke, utseke, uone ngati abwerera msanga. Anaboila sanaphonyepo lamulo limeneli chiyambire ntchito.

Tsiku limenelo dzanja linali litafika kale pakampopi.

"Apongozi! Apongozi!"

Anali mkamwini wawo, telala wochepa thupi, akutsika masitepe awiriawiri, tepi yoyezera ili lendelende m'khosi.

"Zayamba, apongozi! Ndabwera naye, ali kumtunda!"

Abale, zaka zisanu ndi ziwiri akudikira mdzukulu. Mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, zaka zonsezo kumangosokera ana a eni malaya, lero n'kuti zayamba. Anaboila anasiya kampopi kaja osakatsegula. Anakwera masitepe akuthamanga, jombo zili guguguu, mpaka anamwino kuwadzudzula kuti muno ndi m'chipatala. Anamupeza mwana wawo akuluma milomo, koma akuseka. Anamupukuta thukuta, n'kumusiyira mzere wakuda pachipumi. Atabwerera pansi anathira malasha, n'kuponya diso pagalasi. Madzi anali pakati. Anangoti zili bwino, n'kutenga kapu yawo.

Madzulo amenewo Anaboila anaimba nyimbo zonse zomwe ankazidziwa, ndi zina zongopeka. Anawauza Ankolo kuti mawa adzakhala agogo. Anawauzanso Azakhali. Telala ankatsika ndi kukwera ngati wailesi yoyenda, nkhani yake imodzimodzi: sizinatheke. Ulendo wina anabwera atagwira kumutu. M'chikwama cha kuchipatala anali atalongedzamo sizasi, choko ndi ulusi, matewera onse n'kuwasiya patebulo kunyumba.

"Mwanayo mukufuna mumuyeze akangotuluka?" anafunsa Anaboila, n'kuseka mpaka misozi.

Cha m'ma leveni foni ya pakhoma inalira. Anali Asisita a kuchipinda chochirira, ndipo mawu awo analibe nthabwala.

"Anaboila, mvetserani. Mwana wapingasa m'mimba. Adokotala akuti opaleshoni, usiku uno. Koma zida zonse zinagwira ntchito masana, ndiye zili m'chimphika chophera tizilombo panopa. Tipatseni nthunzi mphindi makumi anayi. Kamuvi kasatsike pa eyiti. Kakatsika, timayambiranso."

"Nanga mukayambiranso?"

Asisita anayankha mosazungulira.

"Mwana wanu alibe nthawi yoyambiranso, mayi."

Anaboila anaika foni. Nyimbo zonse zinathera pomwepo. Anatsegula chitseko cha ng'anjo, moto n'kuwalavulira kutentha kumaso. Fosholo, malasha, fosholo, malasha. Kamuvi kanakwera, n'kuima pa eyiti. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Anayang'ana galasi. Madzi pakati.

Go. Go. Go.

Anaima. Mapaipi amagogoda, inde, nthunzi ikakumana ndi madzi ozizira. Anaboila ankadziwa kugogoda kulikonse kwa m'chipindamo monga mayi amadziwira chifuwa cha mwana wake. Uku kunali kwina. Kunali ngati chala cha munthu pachitseko.

Go. Go. Go.

Babu la kudenga linafooka, n'kusanduka lofiirira. Kenaka fungo linabwera, fungo la fodya wa m'kaliwo, pomwe m'chipindamo palibe ankasuta. Anatembenuka pang'onopang'ono, fosholo ili m'manja.

Pambali pa Ankolo panaima mdala wina. Wamfupi, mapewa otambalala, atavala ovololo ya khaki yamabatani achitsulo, mtundu umene Anaboila sanauonepo m'sitolo ya chipatala. Chikhato chake chinali chitagona pachitsulo cha ng'anjo, pamalo poti ukathirapo malovu amalira tswii. Iye osachichotsa.

"Odi amachita, achikulire," anatero Anaboila. "Mwalowera pati?"

Mdalayo sanawayang'ane n'komwe. Maso ake anali pagalasi.

"Madzi anu sakuvina, mayi."

Anaboila anayang'ana. Mayo ine! Madzi a boila yamoyo sakhala phee. Amakwera pang'ono, kutsika pang'ono, kumangovina m'galasimo nthawi zonse. Awa anali ataima nji, ngati ojambula ndi penti. Ndipo anakumbukira kampopi kaja, ndi dzanja lawo likukasiya.

Anakatsegula. Fwaaa! Madzi anatuluka. Anatseka. Anadikira.

Galasi mbee. Madzi osabwerera.

Kanjira kapansi kanali katatsekeka ndi zokakamira zoyera zija, zonga za m'ketulo. Madzi a m'galasi anali otsalira chabe, osalumikizana ndi a m'kati. Usiku wonse Anaboila anali akupopa madzi mwa apo ndi apo, poti galasi linkati alipo okwanira, mutu uli kumtunda kwa mwana. Ndipo usiku wonse Ankolo anali akumwa. Tsopano madzi enieni anali pati? Palibe akanadziwa.

Apa ndiye panali pothina. Madzi akatsika mpaka kusiya machubu a moto pamtunda, chitsulo chimafiira. Ukathira madzi ozizira pachitsulo chofiira, boila imaphulika, ndipo pamwamba pa denga limenelo ndi pomwe panali chipinda chochirira. Lamulo limati zimitsa moto. Koma kuzimitsa moto kunali kupha nthunzi, ndipo kupha nthunzi kunali kupha mwana wawo. Dzanja lina linapita ku swichi ya pampu, lina ku chitsulo chokokera moto. Onse awiri anangouma m'malere. Anaboila anachita mantha amene sanawachitepo chibadwire.

"Musapope," anatero mdala uja. "Musazimitsenso. Afunseni kaye Ankolo."

Analoza kuseri kwa galasi. Pamenepo panali timipopi titatu, kena pamwamba pa kanzake, tokutidwa ndi penti wakuda wa zaka ndi zaka. Anaboila ankatipukuta fumbi sabata iliyonse, koma ankati n'takale, tinafa.

"Kakatulutsa madzi kapansiko, machubu akadali omira. Fulumirani."

Anaboila anatola sipanala. Anagogoda penti, n'kupotokola kapamwamba. Nthunzi youma, tswiii. Anatseka. Kapakati. Nthunzi yokhayokha. Anatseka, manja akuterera ndi thukuta. Kapansi kanakana. Anakakamira ndi manja awiri, akutukwana amene anapaka pentiyo ndi abale ake onse. Kanalira kwiii, n'kutembenuka.

Zii.

Kenaka kanatsokomola. Kanatsokomolanso. Thu! Madzi ofiira ndi dzimbiri, otentha, analavukira pajombo zawo.

"Alipo!" anakuwa Anaboila. "Alipo, achikulire, alipo!"

"Alipo a supuni imodzi. Popani, koma pang'onopang'ono."

Pampu inayamba kuguguda. Madzi analowa. Koma madzi ozizira amaziziritsa boila, ndiye kamuvi kaja kanayamba kunjenjemera pa eyiti, kakufuna kugwa. Wotchi inkati kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu. Munthu mmodzi sakanatha kusunga moto woterowo kwinaku akuyang'anira pampu.

Mdala anapita kukhoma. Pamsomali panali fosholo yakale, yodyeka kukamwa, imene palibe ankaigwiritsa ntchito. Anaitsitsa, n'kulavulira m'manja.

"Tsegulani."

Ndiye inayambika ntchito, abale. Iwo kuponya, iye kuponya. Iwo kuponya, iye kuponya. Shwaa, shwaa, mafosholo awiri akulandizana ngati anthu osinja mumtondo umodzi. Mdalayo ankamwaza malasha mopyapyala, ngodya ndi ngodya, moto n'kuyera mbuu.

"Kumbuyo uko, mayi! Mukuponyera pakhomo ngati mukudyetsa nkhuku!"

"Nkhuku zake ziti? Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndili pano ine!"

"Ndiye mwangoyamba dzulo."

Anaboila anaseka. Tangoganizani, mwana ali pakati pa moyo ndi imfa, boila ili pafupi kuphulika, iwo n'kumaseka ndi munthu wosamudziwa. Koma kuseka kuja kunawapatsa mphamvu m'mikono. Anathamangira ku pampu, kuchepetsa, kubwerera, kuponya. Kamuvi kanatsamira pa eyiti, osagwa.

Ndi pamene anaona zinthu zina. Iwo ovololo inali itanyowa chonyowa, koma pachipumi pa mdala panalibe ngakhale kadontho. Chitseko cha ng'anjo chikatseguka, iwo ankatsinzina, iye ankayang'ana motowo maso ali gwa. Ndipo pakhoma la kumbuyo, pomwe moto unkaponya zithunzithunzi, panali chithunzithunzi chimodzi chokha. Chachikulu, cha mzimayi wovala mpango, chikuwerama ndi kuweramuka. Pambali pake fosholo ina inkakwera ndi kutsika, popanda woigwira.

Anaboila anayang'ana kamodzi, n'kubweza maso pageji. Anadziuza kuti za mantha tiona ikakwana twelofu. Panopa nthawi yake palibe.

Atapopa ndithu, anatsegula ndi kutseka kampopi ka galasi kangapo, mwamphamvu. Kachitatu chinachake chinalira tha! Chokakamira chija chinafwamphuka, madzi n'kulumphira m'galasi, cha pansi ndithu, koma akuvina. Anakwera pang'onopang'ono mpaka pakati.

Foni inalira.

"Zida zatheka," anatero Asisita. "Tikulowa naye. Mwagwira ntchito, mayi."

Anaboila anatsamira khoma, akupumira m'mwamba. Mdala uja anali akubwezera fosholo pamsomali.

"Woyamba?" anafunsa.

"Mdzukulu woyamba, achikulire."

Apo ndiye anawayang'ana koyamba. Anamwetulira, mano awiri akutsogolo palibe, nkhope yonse makwinya okhaokha a chimwemwe.

"Chabwino," anatero. "Chabwino kwambiri."

Anakonza chipewa, n'kuzungulira kuseri kwa Ankolo.

"Dikirani, ndikuthirireni tiyi!"

Anaboila anatenga tochi n'kulondola. Kuseri kwa Ankolo kulibe khomo. Kuli kampata kopapatiza, khoma la njerwa, ndi ukonde wa akangaude wochokera kupaipi kufika kukhoma. Ukondewo unali wathunthu, osaduka ngakhale ulusi umodzi. Anaunika pansi. M'fumbi la malasha munali mapazi a jombo zawo zokha, kupita ndi kubwera. Anagwira fosholo ya pamsomali. Kukamwa kwake kunali kotentha, koma mpini unali wozizira ngati wagona panja.

Mantha aja anawasungira twelofu anabwera onse nthawi imodzi. Anakhala pansi pamulu wa malasha. Kuthawa sakanathawa, boila sasiya yokha. Anangokhala pomwepo, diso lina pagalasi, lina kuseri kwa Ankolo. Babu linali litawalanso bwinobwino.

Itangodutsa wani koloko foni inaliranso. Anaitola ndi manja awiri. Kunalibe mawu a munthu. Kunali kaphokoso kakang'ono, kaukali, kosalekeza, ngati kamwana ka mbuzi.

"Mwamumva?" Asisita anali akuseka. "Wamkazi. Pakamwa ngati agogo ake. Mayi wake alinso bwino."

Ha! Anaboila analulutira m'chipinda cha boila pakati pa usiku, mpaka mapaipi kuyankha. Anavina mozungulira wilibala. Anawapsompsona Azakhali pachivundikiro, n'kuwaonjezera moto pang'ono kuti mlendo asamve kuzizira kuchipinda cha makanda. Kenaka anatembenukira kukampata kamdima kaja, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Wamkazi, achikulire! Onse ali bwino!"

Kunali zii. Koma sanaopenso.

Kutacha, mnzawo wa masana atalandira ntchito, anakwera masitepe. Kochapira anapeza anthu ataunjikana: amayi ochapa, mlonda wa pageti, ndi telala ali pakati, akufotokoza ndi manja ndi miyendo. Telala atawaona anadula nkhani.

"Nenani, apongozi," anatero Anaboila. "Mwaona chiyani?"

Telala anati anatsika usiku kuti awauze kuti akupita naye ku opaleshoni. Atafika pasitepe yomaliza anasuzumira. Anawaona apongozi ake ali okha, akuponya malasha, akukangana ndi kuseka ndi mphepo.

"Ndinati mwina mutu wasokonekera ndi nkhawa. Koma makutu angawa, apongozi. Inu mukaponya, shwaa. Mukaweramuka, kwinakonso shwaa. Mafosholo anali awiri."

"Ndiye munatani?"

"Ndinapezeka ndili kumtunda. Masitepe sindikuwakumbuka."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kosafika patali. Mlonda analumbira kuti geti anatseka naini koloko ndipo sipanadutse ngakhale mphaka. Wina anati kutentha kwa pansipo kumazunguza mutu. Wina anati mwina ndi wodwala wa kuwodi ya amuna anasochera. Anaboila anafunsa ngati odwala masiku ano akugonekedwa ndi ovololo ya khaki.

Mayi wamkulu wa onse ochapa, amene anayamba ntchito ena onsewo asanafike, anali akupinda nsalu za pabedi. Atamva za khaki anasiya kupinda.

"Wamfupi? Mano awiri awa palibe?"

Anaboila anavomera ndi mutu.

Mayiyo anatsitsa mawu, anthu n'kusendera pafupi. Anati ali mtsikana anamva kwa akuluakulu kuti kunali bambo wina wosonkha moto, Ankolo akadali atsopano. Usiku wina galasi linamunamiza. Iye anatsata lamulo, n'kuzimitsa moto. Boila inapulumuka, chipatala chinapulumuka. Koma usiku umenewo mkazi wake anali kumtunda, mwana atapingasa m'mimba, akudikira zida.

"Ndiye zinatha bwanji?" anafunsa telala.

"Iwe ukuganiza kuti amabwereranji?" anatero mayiyo, n'kutolanso nsalu yake.

Anaboila anapukuta m'maso ndi mkono wa ovololo, n'kudzipaka malasha nkhope yonse.

Kuchipinda chochirira Asisita anawasambitsa m'manja katatu, n'kuwaveka chovala choyera pamwamba pa ovololo, akudandaula kuti zikhadabo izi ndiye zinakanika kale. Mwana wawo anali gone, wotumbuluka, atatseka maso, koma akupuma bwino. Pambali pake panali kamtolo kokulungidwa m'jekete la telala, poti matewera anali akadali patebulo kunyumba.

Anawaika kamtoloko m'manja. Kanali kofunda. Kankhope kofiira, kokwinyika, kokwiya ndi dziko lonse. Anaboila, amene ankanyamula wilibala yodzaza malasha osapuma, anaona manja akulemera.

"Iwe," ananong'ona. "Anthu akugwirira ntchito usiku uno, iwe. Wina sindinamufunse n'komwe dzina."

Mwana wawo anatsegula maso pang'ono.

"Amayi, mukunena ndani?"

"Mnzanga wa kuntchito. Wake sanamuone, ndiye anati ine ndimuone wanga. Gona."